Dhirendranath Datta, phungu amene anapempha kuti Chibengali chimveke m'nyumba ya malamulo

Pa 25 Febuluwale 1948, aphungu a dziko la Pakistan anasonkhana mumzinda wa Karachi kuti agwirizane za ndondomeko yoyendetsera zokambirana zawo. Dzikolo linali litangotha miyezi isanu ndi umodzi chilandirire ufulu, ndipo nyumba imeneyi ndiyo inapatsidwa ntchito yolemba malamulo aakulu oyendetsera dziko. Ndime 29 ya ndondomekoyo inkanena kuti phungu akaimirira azilankhula Chingerezi kapena Chiurdu. Atafika pa ndime imeneyi, loya wina wa zaka 61 wochokera ku Comilla, kum'mawa kwa Bengal, anaimirira n'kupempha kuti awonjezerepo Chibengali. Amenewa anali a Dhirendranath Datta.

Pempholo linakanidwa tsiku lomwelo. Patatha zaka zisanu ndi zitatu, dziko lomwelo linalemba m'malamulo ake kuti Chibengali ndi chilankhulo cha boma, koma magazi anali atakhetsedwa kale m'misewu ya ku Dhaka, mzinda waukulu wa kum'mawa kwa Bengal. Patatha zaka 23, asilikali a Pakistan anafika usiku pakhomo pa a Datta n'kuwatenga, ndipo sanabwererenso. Anthu ambiri akamva za 21 Febuluwale, tsiku lokumbukira zilankhulo za makolo padziko lonse, amaganiza za ophunzira amene anawomberedwa mu 1952. Za a Datta sizitchulidwa kawirikawiri kunja kwa Bangladesh, dziko lomwe kale linali chigawo cha kum'mawa cha Pakistan, chonsecho moyo wawo ndi umene umaonetsa bwino chimene anthuwa ankakanganirana.

Atsamunda a ku Britain pochoka ku India mu Ogasiti 1947 anasiya mayiko awiri: India, komwe Ahindu anali ochuluka, ndi Pakistan, yomwe inapangidwa kuti ikhale kwawo kwa Asilamu. Vuto linali lakuti madera a Asilamu ambiri sanali pamodzi. Ena anali kumadzulo, ku Punjab, Sindh, Balochistan ndi kumalire ndi Afghanistan, pomwe ena anali kum'mawa, ku Bengal. Choncho Pakistan inabadwa ili zigawo ziwiri, pakati pake pali makilomita pafupifupi 1,600 a dziko la India. Likulu linali ku Karachi, kumadzulo. Akuluakulu ambiri a asilikali ndi a m'maofesi a boma analinso akumadzulo komweko, kapena anthu amene anasamuka kuchokera kumpoto kwa India. Koma anthu oposa theka la dziko lonse anali kum'mawa, ndipo pafupifupi onsewo ankalankhula Chibengali.

Nanga Chiurdu chinalowa bwanji? Sichinali chilankhulo cha makolo cha chigawo chilichonse cha Pakistan. Ku Punjab ankalankhula Chipunjabi, ku Sindh Chisindhi, kumalire Chipashto ndi Chibalochi. Obadwa nacho Chiurdu sankakwana ngakhale mmodzi pa anthu khumi alionse. Mphamvu zake zinkachokera m'mbiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1860, kumpoto kwa India kunali kukokanakokana pakati pa Chihindi ndi Chiurdu, zilankhulo zomwe pakamwa n'zofanana kwambiri koma papepala n'zosiyana. Chiurdu chimalembedwa ndi zilembo zochokera ku Chiarabu ndi Chiperisiya, kuyambira kumanja kupita kumanzere, ndipo Asilamu ophunzira a kumeneko anayamba kuchitenga kuti ndicho chizindikiro chawo. Atsogoleri ambiri a chipani cha Muslim League, chomwe chinamenyera nkhondo kukhazikitsidwa kwa Pakistan, anakulira m'maganizo amenewo.

Mantha a atsogoleriwa sanali opanda pake. Anali ndi dziko logawika pakati, othawa kwawo mamiliyoni ambiri akufunika pogona, ku Kashmir kukumenyedwa nkhondo. Ankafuna chinthu chimodzi chomangira anthu pamodzi. Pomwe analakwa ndi pamene anayamba kuganiza kuti Chibengali si chilankhulo cha Msilamu weniweni, chifukwa zilembo zake n'zapachibale ndi za Chihindi ndiponso alembi ake ambiri otchuka anali Ahindu. Msilamu wa ku Bengal ankapemphera m'Chiarabu ngati Msilamu aliyense, koma kumunda, kumsika, pamaliro ndi poweruza milandu ya m'mudzi ankalankhula Chibengali. Ndipo chilankhulochi chinali ndi nyuzipepala, mabuku ndi masukulu kwa zaka zoposa 100. Rabindranath Tagore anali atalandira kale mphoto ya Nobel mu 1913 chifukwa cha ndakatulo zomwe anayamba wazilemba m'Chibengali.

Chaka cha 1947 chisanathe, anthu a kum'mawa anayamba kuona okha komwe zinthu zinkalowera. Masitampu, ndalama ndi mafomu a ku positi ofesi zinkatuluka zili m'Chiurdu ndi Chingerezi basi. Bungwe lolemba anthu ntchito m'boma linachotsa Chibengali pa mndandanda wa maphunziro ovomerezeka pa mayeso ake. Kwa mnyamata wa ku Bengal amene bambo ake anagulitsa mpunga kuti aphunzire, izi zinkatanthauza kuti akapikisana ndi anzake a kumadzulo m'chilankhulo chomwe iwo anachiphunzira kusukulu, iye ayi. Mu Sepitembala 1947, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Dhaka, a Abul Kashem, pamodzi ndi anzawo anayambitsa bungwe la Tamaddun Majlish, n'kutulutsa kabuku kofunsa ngati chilankhulo cha boma chiyenera kukhala Chibengali kapena Chiurdu. Bungweli linali la Asilamu okonda chipembedzo chawo ndiponso okonda Pakistan. Mfundo imeneyi muisunge, ifunika kutsogoloku.

A Datta anabadwa pa 2 Novembala 1886 m'mudzi wa Ramrail, m'dera la Brahmanbaria. Anaphunzira ku Ripon College ku Calcutta, komwe anatenga digiri yoyamba mu 1908 ndi ya zamalamulo mu 1910. Ataphunzitsako pang'ono kusukulu ya kumudzi, anayamba uloya ku Comilla mu 1911, ndipo tauni imeneyi inakhala kwawo mpaka imfa. Ndale anazilowa ali mnyamata, pa nthawi yomwe anthu ankatsutsa kugawidwa kwa Bengal komwe atsamunda anachita mu 1905. Analowa chipani cha Indian National Congress, natsata njira ya a Gandhi yokana kumvera atsamunda popanda chiwawa, ndipo anamangidwapo kangapo, kuphatikizapo pa nthawi ya zionetsero za 1942 zouza Angerezi kuti achoke ku India. Mu 1937 anasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya Bengal, komwe anagwira nawo ntchito yokonza malamulo okhudza alimi obwereka minda, ngongole za alimi ndi anthu a katapira. Pa njala yoopsa ya 1943, yomwe inapha anthu mamiliyoni ku Bengal, anali m'gulu la ogawa chithandizo.

Chipani chawo sichinkafuna kuti India agawidwe. Koma atagawidwa, Comilla inagwera ku Pakistan, ndipo a Datta, Mhindu wa chipani cha Congress, anapezeka ali phungu wa dziko lomwe sanalipemphe. Ahindu anzawo ambiri, makamaka ophunzira ndi opeza bwino, anawoloka kupita ku Calcutta. Iwo anakhala. Pa 11 Ogasiti 1947 a Muhammad Ali Jinnah, tate wa dzikolo, anali atauza nyumba yomweyo kuti aliyense ali ndi ufulu wopita kukachisi kapena kumzikiti kwake, ndipo chipembedzo cha munthu sichikhudzana ndi ntchito za boma. A Datta anatenga mawu amenewa kuti ndi lonjezo, n'kuyamba kuchita zinthu ngati nzika yokwanira. Aphungu a Congress ochokera kum'mawa kwa Bengal, onse Ahindu, ndiwo anali mbali yotsutsa m'nyumbamo.

Zimene analankhula tsiku lija zinalembedwa m'kaundula wa nyumbayo. Anayamba ndi chiwerengero. Anati pa anthu 69 miliyoni a m'dziko la Pakistan, anthu 44 miliyoni amalankhula Chibengali. Ngati dziko liyenera kukhala ndi chilankhulo cha boma, bwanji osatenga cha anthu ochuluka? Anatsimikizira aphungu anzawo kuti sakudzutsa tsankho la zigawo. Kenaka anasiya manambala n'kuyamba kufotokoza za mlimi.

Mlimi wosauka, anatero, ali ndi mwana amene akuphunzira pa yunivesite ya Dhaka ndipo akufuna kumutumizira ndalama. Afika pa positi ofesi ya m'mudzi, apempha fomu yotumizira ndalama, n'kupeza kuti yalembedwa m'Chiurdu. Kuti ndalamayo ichoke, ayenera kuthamangira kutauni yakutali kukafuna woti amumasulire. Mlimi yemweyo akamagula kapena kugulitsa munda amafunika sitampu ya boma pa chikalata cha mgwirizano. Apereka ndalama kwa wogulitsa masitampu, koma sangadziwe ngati wapatsidwa za mtengo woyenera, poti mtengowo walembedwa m'Chiurdu ndi m'Chingerezi.

Ine ndimaona kuti mphamvu ya zolankhula zawo ili pamenepa. Sanatame kukoma kwa Chibengali, sanatchule za ndakatulo. Munthu amene wakhala zaka 37 m'makhoti a kutauni yaing'ono akuimira alimi pa milandu ya minda ndi ngongole amadziwa kuti wosauka amaberedwa pa pepala limene sangathe kuliwerenga. Amadziwa kuti boma likasankha chilankhulo limasankhanso amene adzalembedwe ntchito, amene adzamve zomwe woweruza akunena, ndi amene adzafunike kulipira munthu wina kuti amuwerengere kalata yakeyake. Mlimi wa m'nkhani yawoyo sanamutchule kuti ndi Mhindu kapena Msilamu, ndipo alimi ambiri a kum'mawa kwa Bengal anali Asilamu.

Yankho linachokera kwa nduna yaikulu, a Liaquat Ali Khan. Za positi ofesi sizinali pamtima pa yankho lawo. Anati cholinga cha pempholo n'kugawanitsa anthu a Pakistan ndi kulanda Asilamu chinthu chowagwirizanitsa. Anati Pakistan inapangidwa chifukwa cha kufuna kwa Asilamu 100 miliyoni a m'chigawo chonse cha India, ndipo chilankhulo cha Asilamu amenewo ndi Chiurdu. A Khwaja Nazimuddin, amene ankatsogolera boma la kum'mawa kwa Bengal, anaimiriranso n'kunena kuti anthu ambiri a kwawo akufuna Chiurdu. Iwowa anali a m'banja lachifumu la ku Dhaka lomwe kunyumba linkalankhula Chiurdu. Amene anaikira kumbuyo a Datta anali a Prem Hari Barma, a Bhupendra Kumar Datta ndi a Sris Chandra Chattopadhyay, onse Ahindu. Aphungu achisilamu a ku Bengal, omwe Chibengali anachiyamwira, anatsata chipani chawo, ndipo pempholo linagwa.

Taonani mmene nkhani inatembenukira. Funso linali lakuti, kodi phungu angalankhule m'chilankhulo cha anthu amene anamutuma? Yankho linakhala lakuti, kodi wofunsayu ndi ndani, ndipo watumidwa ndi yani? Kuyambira tsiku limenelo, boma la ku Karachi linkati likamva za Chibengali, linkaona dzanja la Ahindu, la India kapena la achikomyunizimu. Kaganizidwe kameneka kanali kokoma kwa olamulira, chifukwa kankawamasula ku ntchito yomvetsera. Koma kanali kabodza, ndipo zochitika za masiku otsatira zinaonetsa poyera.

Kwathu kuno nkhani yotere si yachilendo. Malamulo a dziko la Malawi amafunabe kuti wofuna uphungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali m'zokambirana za m'nyumba ya malamulo. Ndipo ife olankhula Chichewa tisamaiwale kuti mu 1968, chilankhulo chathu chitakwezedwa kukhala cha dziko lonse, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya boma ndi m'masukulu, ndipo chifukwa chomwe chinaperekedwa chinali umodzi womwewo. Ziwerengero za anthu zinali zosiyana ndi za ku Pakistan, koma m'nkhani imeneyo opwetekedwa sitinali ife.

Mbiri ya zomwe zinachitika ku Karachi itafika ku Dhaka, ophunzira ananyanyala maphunziro tsiku lotsatira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ntchito zomwe zinkatsekedwazo zinali zawo. Pa 11 Malichi 1948 panachitika sitalaka ya anthu onse, apolisi anamenya anthu n'kumanga atsogoleri a achinyamata, mmodzi mwa iwo ali Sheikh Mujibur Rahman, yemwe pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Bangladesh. A Nazimuddin, poona kuti a Jinnah atsala pang'ono kufika mumzindamo, anasainirana mgwirizano ndi ophunzira pa 15 Malichi. Koma pa 21 Malichi, a Jinnah polankhula kwa chikhamu cha anthu pa bwalo la Racecourse, anati anthu a chigawocho akhoza kusankha chilankhulo cha m'chigawo mwawo, koma cha dziko lonse chidzakhala Chiurdu, osati china chilichonse, ndipo aliyense wofuna kuwasocheretsa pa nkhaniyi ndi mdani wa Pakistan. Mawu amenewa anawalankhula m'Chingerezi. Patatha masiku atatu anawabwereza pa mwambo wopereka madigiri ku Curzon Hall, ndipo ophunzira ena anakuwa kuti ayi, mwini wakeyo ali pomwepo. Kwa munthu amene ankalemekezedwa chotero, ichi chinali chinthu chosamvekapo.

A Jinnah anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho, ndipo nkhaniyi inakhala ikufuka pansipansi. Panabwera ganizo la nduna ya zamaphunziro loti Chibengali chizilembedwa ndi zilembo za Chiarabu, lomwe akatswiri a chilankhulo monga Dr Muhammad Shahidullah analikana. Mu 1950 kunabuka zipolowe zomwe zinapha Ahindu ambiri kum'mawa kwa Bengal, makamaka ku Barisal ndi ku Dhaka, ndipo anthu miyandamiyanda anathawira ku India. Ngakhale a Jogendra Nath Mandal, Mhindu amene anali nduna ya zamalamulo m'boma la Pakistan, anatula pansi udindo n'kupita ku Calcutta. A Datta anakhalabe ku Comilla.

Mu Okutobala 1951 a Liaquat Ali Khan anaphedwa ndi mfuti, ndipo a Nazimuddin analowa m'malo mwawo. Pa 27 Januwale 1952, ali ku Dhaka, nduna yaikulu yatsopanoyi inabwereza kuti chilankhulo cha dziko chidzakhala Chiurdu. Anali munthu yemwe uja anasaina mgwirizano ndi ophunzira zaka zinayi m'mbuyomo. Zipani ndi mabungwe anapanga komiti yotsogozedwa ndi a Maulana Bhashani, n'kulengeza zionetsero za pa 21 Febuluwale, tsiku lomwe nyumba ya malamulo ya chigawocho inkakumana. Dzulo lake boma linaletsa misonkhano ndi maulendo a pamsewu pogwiritsa ntchito gawo 144 la malamulo omwe atsamunda anasiya.

M'mawa wa tsikulo ophunzira anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pa yunivesite, n'kugwirizana kuti aphwanya chiletsocho potuluka pageti m'timagulu ting'onoting'ono. Apolisi anamanga ena, anathira utsi wokhetsa misozi, ndipo chakumasana, pafupi ndi nyumba zogona ophunzira a Dhaka Medical College, anawombera. Rafiq Uddin Ahmed anawomberedwa m'mutu n'kufera pomwepo. Abul Barkat anali wophunzira pa yunivesite. Abdul Jabbar anali munthu wa kumudzi amene anabwera mumzinda kudzagoneka apongozi ake m'chipatala. Abdus Salam anali mesenjala mu ofesi ya boma, ndipo anamwalira ndi mabala ake mu Epulo. Tsiku lotsatira anaphedwanso ena, kuphatikizapo Shafiur Rahman, kalaliki wa kukhoti. Onsewa anali Asilamu. Amene ankati nkhani ya Chibengali ndi chiwembu cha Ahindu anayenera kuyang'ana mayina amenewa.

Mfuti zinkalira aphungu ali m'nyumba ya malamulo chapafupi pomwepo. A Datta, amene analinso phungu m'nyumba ya chigawoyi, anali m'gulu la aphungu omwe anaumiriza a Nurul Amin, mtsogoleri wa boma la chigawocho, kuti aimitse zokambirana n'kupita kuchipatala kukaona ovulala. A Nurul Amin anakana. Koma ulendo uno Ahindu sanali okha. A Maulana Abdur Rashid Tarkabagish, phungu wa chipani cholamula, anadzudzula boma lawo lomwe n'kutuluka. A Abul Kalam Shamsuddin, mkonzi wa nyuzipepala ya Azad, anatula pansi uphungu. Pa 22 Febuluwale nyumba yomweyo inavomereza kupempha boma la ku Karachi kuti Chibengali chikhale chimodzi mwa zilankhulo za dziko. Usiku wa pa 23, ophunzira zaudokotala anamanga chipilala cha njerwa pamalo pomwe anzawo anagwera. Apolisi anachigumula pa 26. Chipilala chachikulu cha Shaheed Minar chomwe chinadzamangidwa pamalopo chinatsegulidwa mu 1963.

Zotsatira zake pandale sizinachedwe. Pa chisankho cha m'chigawo cha Malichi 1954, mgwirizano wa zipani wa United Front, wotsogozedwa ndi a A. K. Fazlul Huq, a H. S. Suhrawardy ndi a Bhashani, unalonjeza mfundo 21, yoyamba ili ya Chibengali. Unapambana mipando 223 mwa mipando 237 ya Asilamu. Chipani chomwe chinabweretsa Pakistan chinatsala ndi mipando yowerengeka, ndipo a Nurul Amin anagonja kwa mtsogoleri wa ophunzira. Boma la ku Karachi linachotsa boma latsopanolo lisanathe miyezi iwiri, zomwe a Datta anazitsutsa m'nyumba ya malamulo. Komabe pa chilankhulo panalibenso kubwerera. Malamulo oyendetsera dziko a 1956, m'ndime 214, anati zilankhulo za boma la Pakistan ndi Chiurdu ndi Chibengali.

Chaka chomwecho a Datta anakhala nduna ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu m'boma la chigawo lotsogozedwa ndi a Ataur Rahman Khan. Panali nkhani ina pa nthawiyi imene imaonetsa mtima wawo kuposa unduna. Kuyambira nthawi ya atsamunda, Ahindu ankavotera aphungu awo paokha, Asilamunso paokha. Dongosolo limeneli linkatsimikizira Ahindu mipando yawo, choncho munthu angaganize kuti phungu wachihindu akanaliteteza. A Datta ndi anzawo ambiri analikana, n'kumapempha kuti anthu onse azivota pamodzi pa kaundula mmodzi. Ankaona kuti mpando wosungidwa umakusandutsa mlendo wopatsidwa malo, pomwe iwo ankafuna kukhala eni dziko mofanana ndi wina aliyense. Unduna unatha pa 7 Okutobala 1958, pomwe ulamuliro wa asilikali unalengezedwa. Boma la a Ayub Khan linabweretsa lamulo loletsa andale akale kupikisana pa zisankho, ndipo a Datta anali m'gulu la oletsedwawo. Anabwerera ku Comilla ali ndi zaka zoposa 70.

Chilankhulo chinali chitaloledwa, koma kukayikirana kuja sikunathe. Kunangosamukira ku nkhani zina: ndalama zochokera ku jute, mbewu ya ulusi wopangira masaka yomwe inkalimidwa kum'mawa koma phindu lake n'kumatukula kumadzulo, kuchepa kwa Abengali m'maudindo a usilikali, mfundo zisanu ndi imodzi za Sheikh Mujib za 1966 zofuna kuti chigawo chizidziyendetsa. Mu 1967 boma linafika poletsa nyimbo za Tagore pa wailesi. Pa chisankho cha Disembala 1970, chipani cha Sheikh Mujib cha Awami League chinapambana mipando 160 mwa 162 ya kum'mawa, yokwanira kulamulira Pakistan yonse. A Yahya Khan, mkulu wa asilikali amene ankalamulira, anaimitsa kutsegulira kwa nyumba ya malamulo. Usiku wa pa 25 Malichi 1971 asilikali anayamba kupha anthu ku Dhaka. Pa yunivesite, malo amodzi omwe anawalunjika kwambiri anali Jagannath Hall, komwe kunkagona ophunzira achihindu.

Comilla ili pa mtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera kumalire ndi India. M'miyezi yotsatira anthu pafupifupi 10 miliyoni anawoloka malire a dzikolo kuthawa nkhondo. A Datta, ali ndi zaka 84, sanachoke panyumba pawo. Usiku wa pa 29 Malichi asilikali anafika, n'kuwatenga pamodzi ndi mwana wawo Dilip Kumar Datta kupita nawo ku kampu ya asilikali ya Mainamati. Wometa tsitsi wina amene ankagwira ntchito m'kampumo, yemwe anapulumuka chifukwa asilikali ankafuna ntchito yake, anadzafotokoza pambuyo pake kuti anawaona gogowa akukwawa pansi kulowera kuchimbudzi, atathyoledwa miyendo moti sakanatha kuimirira. Bambo ndi mwana anafera m'manja mwa asilikali, ndipo mitembo yawo sinapezeke.

Munthu wa zaka 84 amene anasiya ndale zaka khumi m'mbuyomo sakanaopseza gulu lankhondo. Sankatsogolera chipani, analibe mfuti. Kutengedwa kwawo patangopita masiku anayi chiyambire kuphana kukusonyeza kuti dzina lawo linali lodziwika kale kwa ofuna kubwezera. M'maso mwa anthu amenewo, iwo anali Mhindu uja amene anayambitsa zonsezi. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa munthuyu anachita chilichonse chomwe dziko limapempha kwa nzika yake: sanathawe, anapikisana pa zisankho, anadandaula kudzera m'nyumba ya malamulo, anatumikira ngati nduna. Mlandu womwe anapatsidwa mu 1948 woti akufuna kugawa dziko sunafufutidwe, ngakhale pomwe dzikolo linavomereza zomwe anapempha.

Bangladesh inapeza ufulu pa 16 Disembala 1971. Mu 1997 boma linapatsa a Datta mphoto ya ufulu, yomwe ndi ulemu waukulu koposa woperekedwa kwa anthu wamba m'dzikomo, ndipo bwalo la zamasewero la ku Comilla limatchedwa dzina lawo. Pa 17 Novembala 1999 bungwe la UNESCO linavomereza kuti 21 Febuluwale likhale tsiku la zilankhulo za makolo, ndipo linayamba kukumbukiridwa padziko lonse m'chaka cha 2000.

Dziko latsopanolo nalo linakumana ndi funso lomwelo lisanathe chaka. Malamulo ake a 1972 anati chilankhulo cha boma ndi Chibengali, ndiponso kuti nzika zonse zizitchedwa Abengali. Koma kumapiri a Chittagong kuli mitundu ina, monga Achakma, Amarma ndi Atripura, yomwe ili ndi zilankhulo zawozawo. Phungu wa kumeneko, a Manabendra Narayan Larma, anaimirira m'nyumba yolemba malamuloyo n'kunena kuti iwo ndi Mchakma, ndi nzika ya Bangladesh, koma si Mbengali. Anthu amene anakana kumezedwa ndi Chiurdu sanawamvere. Kumapiriko kunabuka nkhondo ya zigawenga yomwe inadzatha ndi mgwirizano wa mtendere mu Disembala 1997. Olankhula Chiurdu amene anatsalira m'dzikomo nkhondo itatha anakhala zaka zambiri m'makampu, monga Geneva Camp ku Dhaka, opanda dziko lowavomereza, mpaka khoti lalikulu linagamula mu 2008 kuti ambiri mwa iwo ndi nzika ndipo ali ndi ufulu wovota. Mabuku oyamba a boma a ana a mkaka m'zilankhulo zisanu za mitundu ing'onoing'ono, Chichakma, Chimarma, Chitripura, Chigaro ndi Chisadri, anagawidwa m'masukulu mu 2017.